Za Kugula Nyumba ndi Kukhazikitsa Banja m'Mzinda wa Blantyre

Mwezi uno ndifuna kuceza nanu za kanthu kamene kalikusowetsa tulo mabanja ambiri a Akristu okhala m'mzinda, ndiko kufuna nyumba yaoyao. Pa nchito yanga yophunzitsa katekisimu ndimaperekeza ansembe kawiri kawiri pokadalitsa nyumba zatsopano, ndipo ndaona cimwemwe ca mai amene alikutsegula citseko cimene palibe munthu adzagogodapo pa kutha kwa mwezi kudzafunsa lendi. Koma ndakhalanso pa mphasa pamodzi ndi mabanja amene thukuta lao la zaka khumi linawathera tsiku limodzi, ndi ena amene nyumba anaipeza ndithu, koma mtendere wa m'banja unatsala m'njira.

Cifukwa cace ndinati ndilembe zimene ndaona ndi maso anga, makamaka pa banja la muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wamkuru, amene ine ndiri nkhoswe ya ukwati wace. Iye ndi kalaliki m'sitolo ina ku Limbe, ndipo mkazi wace amasoka zobvala pa khonde la golosale. Anamanga ukwati m'chalichi m'caka ca 2014, Mulungu nawapatsa ana atatu. Pa zaka zisanu ndi zitatu anasamuka kanai, ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Bangwe, pena cifukwa lendi yakwera, pena cifukwa mwini nyumba afuna kuikamo mbale wace. Anandilola kuti ndifotokoze nkhani yao, malinga ndisachule maina.

CIFUKWA NINJI NYUMBA YA M'MZINDA IRI YODULA?

Ife amene tinakulira ku mudzi tidziwa kuti kumeneko mnyamata akafuna kumanga sasowa malo. Akuru a mbumba amapita naye kwa nyakwawa, namlozera pamene akumbe. Mitengo ndi udzu ziri ku thengo, dothi liri pa culu, ndipo tsiku lokweza denga amai amaphika thobwa, anansi nadza kudzathandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ku Blantyre zonsezi zigulidwa ndi ndarama: nthaka yopondapo, mcenga, madzi okandira matope, ngakhale dzanja la mnansi.

Mzinda umenewu unayamba m'caka ca 1876, pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika pakati pa mapiri, naupatsa dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone. Njanji itafika m'caka ca 1908 malonda anakula, Limbe inamera pambali pace, ndipo m'caka ca 1956 matauni awiriwa anaikidwa pansi pa ulamuliro umodzi. Pa kalembera wa 2018 anthu a m'mzindamo anaposa 800,000, ndipo alikucurukirabe. Koma mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe sasuntha kuti apatse anthu malo. Nthaka yabwino ya pakati, monga ku Mandala, ku Sunnyside ndi ku Namiwawa, inatengedwa kale m'masiku a Azungu, ndipo kufikira lero iri ya olemera. Boma linakhazikitsa Malawi Housing Corporation m'caka ca 1964 kuti imange nyumba za anthu a nchito, ndipo inamangadi zambiri, monga ziri ku Nkolokosa ndi ku Kanjedza, koma anthu anacuruka msanga koposa nyumbazo. Motero oposa theka la anthu a m'mzindawu akhala m'madera amene nyumba zinayamba kumangidwa miseu ndi ngalande zisanayesedwe.

Madzi naonso ali ndi mtengo wace. Ambiri amene amwedwa ku Blantyre acokera ku mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ulendo wa makilomita ngati 40, ndipo makina amawakankha ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita ngati 800. Ndowa iriyonse imene mai atunga pa mpopi yakwera phiri isanafike pa mutu pace.

Pamwamba pa izi pali kucepa mphamvu kwa ndarama. Malata, magalasi, misomali ndi mapaipi, zina zicokera kunja, zina zipangidwa konkuno koma ndi zipangizo ndi mafuta ocokera kunja. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndipo m'mwezi wa November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Munthu amene anagona ali ndi ndarama zokwanira denga lonse m'bokosi, anadzuka napeza kuti zikwanira mbali imodzi yokha. Ndico cifukwa cace anthu alikugula mothamanga, poopa kuti mawa kudzaipa koposa lero. Ndipo m'kuthamangamo ndimo muli misampha inai imene ndifuna kukucenjezani.

COYAMBA: YANG'ANANI NTHAKA

Cakumapeto kwa caka ca 2022 muphwa wanga anafika kwathu madzulo nkhope iri ngwee, nati, "Atsibweni, Mulungu watimvera. Ndapeza puloti m'mphepete mwa phiri la Soche, kumtunda kwa Chilobwe, pa mtengo wa theka la wa kwina. Mwini wace afuna ndarama sabata ino." Ndinamuyankha kuti tikaone kaye, ndipo mai wa kunyumba apite nafe.

Tinakwera m'mawa mvula itagwa usiku. Muphwa wanga anaima pa malopo nayang'ana kutali, nakondwera poona mzinda wonse uli pansi pace. Mkazi wace anayang'ana pansi ndi kumtunda. Anaona ngalande yofiira imene madzi anakumba pakati pa nyumba ziwiri, zitsa za mitengo imene inaochedwa makala, ndi mwala waukuru wolendewera pamwamba pao, dothi la pansi pace litakokoloka. Gogo wina amene analikutsuka mbale pafupi anatiuza kuti madzi a pamenepo sayenda njira imodzi zaka ziwiri. Pamenepo maiyo anati mwaulemu, "Abambo, mundikhululukire, koma ana athu sindidzawagoneka pansi pa mwala uwo."

Mwamuna anapsa mtima kwambiri, ndipo kwa masiku angapo m'nyumbamo munalibe kuseka. Anadza kwa ine kudzadandaula kuti mkazi wamtayitsa mwai. Ndinamkumbutsa kuti m'ndarama zimene anafuna kulipira munali za makina osokera aja, ndi kuti pa guwa analonjezana awiri. Cotero malo amene mmodzi awaopa sangakhale pao pa onse. Analeka, koma ndi mtima wowawa.

Mudziwa nonse cimene cinacitika m'mwezi wa March 2023. Namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, phiri la Soche linang'ambika, ndipo matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe anthu ali m'nyumba. M'dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Pamene tinakwerako kukapepesa maliro, njira imene tinayendamo tsiku lija sindinathe kuizindikira.

Ndikupemphani, abale anga, asapezeke Mkristu wonena kuti amene anafa anali opusa. Ambiri anamanga pamenepo cifukwa lendi inawapirikitsa ndipo malo ena panalibe amene akadatha kugula. Tiwapempherere, ndipo tiphunzire. Puloti ikatsika mtengo modabwitsa, funsani cifukwa. Kaioneni m'dzinja, mvula itagwa, osati m'cilimwe pamene ponse pali gwa. Funsani okalamba a pamenepo kumene madzi amadzera. Pewani pa matsetse a phiri lopanda mitengo, m'mphepete mwa mitsinje monga Mudi, Naperi ndi Nasolo, ndiponso m'dambo la dothi lakuda limene limatupa m'dzinja ndi kung'aluka m'cilimwe, ling'alula ndi makoma omwe. Onaninso ngati galimoto ingafike pa khomo usiku kudzatenga wodwala. Werengani ndarama za minibasi za mwezi wathunthu, za bambo ndi za ana a sukulu, pakuti puloti ya kutali imene yaoneka yocipa imalipiritsa mwini wace m'mawa uli wonse.

CACIWIRI: YANG'ANANI MAPEPALA

Nthaka ya m'mzinda iri ndi eni ace osiyanasiyana. Ina iri m'manja mwa Unduna wa za Malo, ina mwa Khonsolo ya Mzinda, ina mwa Malawi Housing Corporation, ndipo ina iri ya anthu ndi makampani amene ali ndi zikalata zao. Kawiri kawiri wogula puloti yomangapo nyumba amalandira lizi, ndiko kubwereka nthaka kwa zaka zowerengeka, zimene nthawi zambiri ziri 99, nalipira kangacepe caka ndi caka. Kunja kwa malire a mzinda kuli nthaka ya makolo yoyang'aniridwa ndi mafumu, imene malamulo a malo a 2016 analola kuti ilembetsedwe m'kaundula. Kalata ya mfumu ndi umboni wabwino wosonyeza amene anali pa malopo, koma silowa m'malo mwa cikalata ca boma.

M'mphakati wina umene ndimayendera muli banja limene linagula puloti kupyolera mwa dobadoba. Analipira ndarama zonse m'cikwama, nalandira kapepala kolembedwa ndi manja. Patapita miyezi iwiri anapita ndi mcenga, napeza munthu wina alikukumba maziko, nayenso ali ndi kapepala kace kocokera kwa wogulitsa yemweyo. Dobadoba anasowa, lamya yace inaleka kulira, ndipo mabanja awiri osalakwa anatsala alikukokana ku bwalo la milandu. Bambo wa m'banjamo anandiuza kuti anacita manyazi kufunsa mafunso ambiri, poopa kuoneka ngati wa ku mudzi. Akuru anati safunsa anadya phula.

Tsono musanaturutse tambala imodzi citani izi. Onanani ndi mwini malo weniweni maso ndi maso, ndipo dzina la pa citupa cace lifanane ndi la pa zikalata. Ngati ali pa banja, mkazi kapena mwamuna wace abvomereze pamaso panu. Ngati malowo ndi amasiye, dziwani amene lamulo lampatsa mphamvu yogulitsa, ndipo mumve kuti ana onse a malemu agwirizana. Pitani ku ofesi ya kaundula wa malo mukafufuze ngati dzinalo liri loona, ndi ngati malowo sanaperekedwe cikole ku banki. Woyesa malo akuonetseni mabikoni onse, kuti musadzamange khichini m'munda wa mnansi. Funsani ngati pali ngongole za msonkho wa mzinda, za madzi kapena za magetsi, pakuti zimenezi zimatsalira pa khomo, wogulitsa atapita. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni, ndipo ngati nkotheka pamaso pa loya. Ndarama zipite kupyolera ku banki, kuti pakhale cizindikiro. Potsiriza musapume kufikira dzina litasinthidwa m'kaundula, ndipo musayambe kukumba Khonsolo isanabvomereze pulani. Zonsezi zidya ndarama ndi masabata, koma zicepa poyerekeza ndi mlandu.

Amene mugula nyumba yomanga kale, kumbukirani cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti watsopano amabisa ming'alu. Tengani mmisiri wanu, wosadziwana ndi wogulitsa, akwere ku denga akaone ngati ciswe sicinadye mitengo, ayang'ane maziko, cinyezi ca m'makoma, mawaya a magetsi ndi dzenje la cimbudzi.

CACITATU: YANG'ANANI NGONGOLE

Ambuye athu anaphunzitsa kuti wofuna kumanga ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera ngati adzatha kumariza. Tiyeni tiwerengere pamodzi. M'mwezi wa February 2024 Banki Yaikuru ya dziko inaika ciongola dzanja cace pa 26 pa 100, ndipo mabanki okongoza anthu anaonjezerapo cao. Tiyerekeze kuti banja lakongola K20,000,000 pa ciongola dzanja ca 30 pa 100. Pa caka coyamba ciongola dzanja cokha ciri ngati K6,000,000, ndiko kuti K500,000 mwezi uli wonse, ngongole yeniyeniyo isanatsike ndi tambala imodzi. Cikole cace ndi nyumba yomweyo. Bambo akacotsedwa nchito kapena kudwala miyezi ingapo, banki iri ndi mphamvu yoigulitsa.

Sindinena kuti ngongole ya ku banki ndi chimo. Kwa amene malipiro ao ali okhazikika ndi okwanira ikhoza kukhala mlatho wabwino. Koma muyeso wace ndi uwu: mutalipira ca mweziwo, kodi patsala za ufa, za sukulu, za mankhwala, ndi kangacepe ka maliro a dzidzidzi? Ngati sipatsala, nyumbayo idzadya ana amene munaimangira. Za katapila ndinena mau amodzi okha: thawani. Banki mkhonde ndi cipereganyu zathandiza ambiri kugula malata ndi zitseko, malinga mukongole zocepa, ndipo mwamuna ndi mkazi onse adziwe. Milandu yambiri imene ndaweruza ngati nkhoswe inayamba ndi ngongole imene wina anabisira mnzace, tsiku lina nafika anthu kudzanyamula katundu.

Muphwa wanga anatsata njira ya kamba. Cakumapeto kwa 2023 anagula puloti yaing'ono ca ku Machinjiri, pa malo okwera pang'ono koma osatsetsereka, mapepala onse ali bwino. Ndarama zikapezeka sanazisunge m'bokosi, koma anazisandutsa msanga mabuloko ndi malata, zimene siziopa kutsika kwa Kwacha. Simenti yokha ndiyo anagula pa tsiku loigwiritsa nchito, pakuti ikakhalitsa imauma m'thumba. Anakumba maziko a zipinda zinai, koma anakweza ziwiri zokha. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Pano ndionjeze mau a katekisimu. Mmisiri ndi anyamata omthandiza, ndiponso amai otunga madzi pa mutu, alipidwe pa nthawi yace monga munapangana, pakuti kumana wanchito malipiro ace ndi limodzi la macimo ofuula kwa Mulungu. Panganani mtengo wa gawo liri lonse, maziko, makoma, denga, ndipo mulipire gawolo likatha. Werengani matumba a simenti poyera, pamaso pace, kuti pasakhale kuganizirana. Nyumba yomangidwa ndi misozi ya mganyu siidzakoma kugonamo.

CACINAI: NYUMBAYO NDI YA YANI?

Funso iri ambiri aliopa, cifukwa likumbutsa imfa. Ku mudzi mwambo unakonza kale zonse. Pa cikamwini mwamuna amamanga kwao kwa mkazi, ndipo nyumba imatsalira mai ndi ana; pa citengwa mkazi amatsata mwamuna. Koma puloti ya m'mzinda siiri ya mbumba ya mwamuna, ngakhale ya mkazi. Inagulidwa ndi thukuta la anthu awiri amene Sakramenti la Ukwati linawalumikiza. Mwamuna akamwalira osakonza kanthu, taona abale akufika maliro asanaikidwe, alikuwerenga mipando ndi kufunsa makiyi, ndipo wamasiye abwerera ku lendi ndi ana ace.

Lamulo la cuma ca masiye la 2011 liteteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo liyesa kulanda cuma ca amasiye mlandu wolangidwa nao. Koma wamasiye amene ali m'misozi alibe mphamvu zoyendera maofesi. Nkwabwino kutseka mpata mukali ndi moyo. Lembetsani maina onse awiri pa zikalata za nyumba. Lembani wilo, ndi kuisunga pa malo odziwika. Kulemba wilo sikuitana imfa, monga kugula ambulera sikuitana mvula. Ndipo auzeni abale a mbali zonse ziwiri poyera.

Pa mwambo wathu ine ndine mwini mbumba, ndipo anthu onga ine ndiwo amatsogolera kulanda kumeneku. Cifukwa cace, tsiku limene muphwa wanga analandira zikalata, ndinaitana mlongo wanga, abale athu ena ndi ankhoswe a kucikazi, ndipo ndinanena pamaso pao kuti pa malo amenewa ine ndiribepo gawo, ngakhale lata limodzi, ndipo mbale wathu ali yense alibepo. Ndi a awiriwa ndi ana ao. Ena sanakondwere, koma anamva. Inu atsibweni anzanga, mau amenewa ayenera kuturuka pakamwa panu, pakuti mpongozi sangathe kuwanena.

ZA KULOWA M'NYUMBA

Ambiri amacedwa kulowa m'nyumba yao, nalipirabe lendi caka cathunthu, cifukwa ca manyazi kuti makoma sanapakidwe pulasitala. Ena alowa, koma akongola sofa, firiji ndi wailesi ya kanema yaikuru kuti alendo adabwe. Zonsezi ndi mabvuto obadwa ndi maso a anthu. Zofunika poyamba ndi izi: denga losadontha, zitseko ndi mazenera otsekeka, cimbudzi cabwino cokhala ndi cibvundikiro, bafa, ndi podziwika potunga madzi abwino. Zikatero lowani, ndipo lendi imene munkapereka isanduke simenti ya pansi. Mphasa, matiresi, masikito a ana, mbaula, miphika ndi ndowa zikwanira kuyamba nazo banja. Ana akamasinkhuka, cipinda cacitatu citsogole sofa, kuti anyamata ndi atsikana agone padera.

Magetsi ndi mpopi pemphani ku maofesi ace, ndipo dikirani ngakhale acedwe. Musalole munthu wokuuzani kuti adzakukokerani waya usiku kucokera kwa mnansi. Kumeneko ndi kuba, ndipo nyumba zapsa ndi ana afa ndi mawaya otere. Nyali yaing'ono ya dzuwa ikwanira kuti mwana awerenge. M'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula ya makala m'cipinda cotseka, pakuti mpweya wace ulibe fungo koma umapha anthu ali m'tulo. Kumbani ngalande yotsogolera madzi a pa denga, osawaponyera pa khomo la mnansi wa kumunsi. Bzalani mtengo wa mango kapena wa mapeyala mvula yoyamba, ndi kadimba ka mpiru kuseri. Mapiri athu anatilanga cifukwa tinawabvula; ali yense abwezeko mtengo umodzi.

Mbiri ikafika ku mudzi kuti uje wamanga m'tauni, alendo sadzacedwa: wodwala wopita ku cipatala ca Queen Elizabeth, mnyamata wofuna nchito, mwana wa sukulu. Alandireni, pakuti inunso munafikira pa khomo la wina. Koma mwamuna asabvomere yekha mlendo wokhalitsa, pakuti wogawa ndiwo ndi mai. Panganani awiri za masiku ace ndi za nchito imene mlendoyo adzathandize. Ndipo mukadzamanga tizipinda kuseri kuti mucititse lendi, kumbukirani zaka zanu za ku lendi. Musakweze mtengo mwadzidzidzi, musacotse citseko ca munthu cifukwa wacedwa sabata imodzi, ndipo ana ace asaletsedwe kusewera pa bwalo.

ZA KUDALITSA NYUMBA

Alipo Akristu amene usana amaitana wansembe, koma usiku anaitana kale sing'anga kuti akwirire zitsamba ndi nyanga m'ngondya zinai, ati kutsirika nyumba. Abale anga, mapanga awiri abvumbwitsa. Mantha amene alowa m'nyumba ndi nyanga saturukamo. Mwana akadwala malungo mudzayamba kuloza anansi zala m'malo mothamangira ku cipatala. Nyumba ya Mkristu itsirikidwa ndi madzi odalitsa, ndi mtanda, ndi mtendere wa okhalamo.

Kudalitsa nyumba sikufuna mbuzi kapena zoimbira zobwereka. Uzani atsogoleri a mphakati wa dera limene mwafikalo, perekani kalata yocokera ku parishi yanu yakale, ndipo panganani tsiku ndi Bambo Mfumu. Pacikani mtanda pa malo oonekera. Mabanja ambiri amaikanso cithunzi ca Mtima Woyera wa Yesu, potsata mwambo umene Bambo Mateo Crawley-Boevey anayamba kufalitsa m'caka ca 1907, wakuti Yesu alandiridwe ngati Mfumu ya banja. Pansi pa mtandawo banja lisonkhane madzulo kupemphera korona, ngakhale gawo limodzi, lamya zonse zitaikidwa pambali.

Mukatero pitani mukalonjere mfumu ya dera ndi anansi a mbali zonse, Akatolika, a mipingo yina ndi Asilamu omwe. Pa maliro a m'deralo musasowe. Mpanda wa njerwa ndi geti la citsulo zitha kucinga mbala, koma tsiku la moto kapena la matenda a usiku adzakuthandizani ndi anthu amene adziwa dzina lanu. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

KWA AMENE SADZATHA KUGULA

Ndidziwa kuti ambiri owerenga mau awa adzakalamba ali ku lendi, osati cifukwa ca ulesi, koma cifukwa malipiro ao sangafike pa mitengo ya lero. Musadziyese ocepa pamaso pa Mulungu kapena mu Eklezia. Yosefe Woyera, amene anali mmisiri, anasowa cipinda ku Betelehemu usiku umene anacisowa koposa, nakhala mlendo ku Ejipito pa malo a eni. Cipinda ca lendi cimene muli pemphero ndi kukhululukirana ciri nyumba ya Cikristu yathunthu, ndipo wansembe adzacidalitsa mukampempha. Komanso Eklezia sanena kuti umphawi wa malo okhala ndi cifuniro ca Mulungu. M'cikalata ca maufulu a banja cimene Likulu la Eklezia ku Roma linaturutsa m'caka ca 1983 muli mfundo yakuti banja liri lonse liyenera kukhala ndi nyumba yoyenera. Cotero Akristu amene ali m'maofesi a malo, m'makhonsolo ndi m'mabwalo a milandu adziwe kuti puloti iriyonse yogawidwa mwa ciphuphu yalandidwa kwa banja lina, limene lidzakwera phiri kukamanga pansi pa mwala.

Banja la muphwa wanga linalowa m'zipinda zao ziwiri makoma akali a mabuloko oonekera, nsaru iri m'malo mwa citseko ca m'kati. Tsiku lodalitsa, a mphakati anakhala pa maziko a zipinda zosamangidwa zija, pakuti mipando inali itatu yokha, ndipo tinamwa thobwa. Wansembe atawaza madzi odalitsa, muphwa wanga anaimirira nathokoza onse. Potsiriza anatembenukira kwa mkazi wace, napepesa pamaso pa anthu cifukwa ca mkwiyo wa tsiku lija pa phiri. Makina osokera tsopano ali pa khonde laolao, ndipo mzere wa mabuloko a cipinda cacitatu wafika m'ciuno.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzaceza za kulera ana a sukulu m'nyumba yopanikizana. Yesu, Maria ndi Yosefe asunge mabanja athu onse, a m'nyumba zao ndi a ku lendi omwe, ndipo mizimu ya abale athu amene anafa ndi matope a pa Soche iuse mu mtendere.